Chidindo cha Kaputeni Mlekwa

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Dzuwa linali litaotcha Tabora yense, mvula isanagwe ngakhale dontho. Mango anali akadali osapsa m'mitengo. Mzee Shija anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Cheyo, magalasi pamphuno, kope pamwendo, akudikira akazi awo kuti abwere.

Ndiyambe ndakuuzani za mkuluyu, chifukwa ena amamunena ngati anali munthu woipa. Sanali woipa. Anagwira ukalaliki ku njanji zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atapuma, anzawo anagula ming'oma ya njuchi, ena analowa ulimi wa fodya. Iwo anayamba kusonkhanitsa zikalata. Osati zikalata wamba ayi, koma zija zinkaperekedwa pamodzi ndi mendulo kwa akuluakulu a asilikali amene anaonetsa chamuna pa nkhondo ya ku Kagera. Mendulozo analibe nazo ntchito.

"Chitsulo sichilankhula," ankatero. "Aliyense akhoza kuchikoloweka pachifuwa. Koma pepala lili ndi dzina."

Anali nazo makumi anayi ndi ziwiri, m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, chilichonse m'kathumba kakekake ka pulasitiki. China anachilanditsa kwa mayi wina amene ankafuna kukulungira mandasi. China anachilanda chiswe chitadya kale ngodya, ku Urambo. Ndipo chikalata chilichonse chinali ndi kope lake. Mzee ankakwera sitima mpaka ku Kigoma, basi mpaka ku Bukoba, kusakasaka masajeni okalamba oti awafotokozere. Mwini dzinali anabadwira kuti? Anavulala pati? Ankaseka bwanji? Zonse ankalemba. Mabanja ambiri anadziwira bambo awo m'makope amenewo. Pa tsiku lokumbukira ngwazi ankawaitana kusukulu kukalankhula, ana n'kumawaombera m'manja.

Akazi awo, Bi Tausi, bokosilo ankalitcha mitala.

Madzulo amenewo Bi Tausi anafika dzuwa litalowa kale.

"Mwachedwatu, amake Neema."

"Ndachedwa? Akazi anzanga a pansi pa bedi sanakuphikireni?"

Ananena nthabwalayo mwa chizolowezi chabe, osaseka. Anavula nsapato, nakhala pa sitepe.

"Ndinali ku Isevya. Bi Kalunde zawavuta. Lero ndi tsiku lachitatu osaika kanthu m'kamwa. Andipatsira mawu anu, koma ine sindinawamvetse. Akuti, ukawauze a Shija kuti chala changa sichikupapeza."

Mzee Shija anatseka kope.

"Ndi ukalamba umenewo. Akungobwebweta."

"Kaya. Koma mukawaone."

"Mawa," anatero.

Mawu aja anawamva bwinobwino. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Bi Kalunde anali mkazi wamasiye wa Kaputeni Mlekwa Ngassa. Kaputeniyu ndi uja anawolotsa anyamata ake pa dambo usiku, adani ali tsidya lina, wovulala ali kumsana kwake, iye mwini chipolopolo chili m'ntchafu. Anabwerako akutsimphina. Anakhala zaka khumi ndi zisanu, chifuwa n'kumutenga. Mendulo yake anamuika nayo. Chikalata chinatsala ndi mkazi wake, m'chitini cha mabisiketi, chokulunga m'nsalu. Ana analibe. Maso atachita khungu, Bi Kalunde ankasungidwa ndi Devota, mwana wa mng'ono wawo.

Tsiku limene Mzee Shija anachiona chikalatacho, sanachotsepo maso. Pepala lochindikala, dzina lolembedwa ndi dzanja, inki isanafwifwe. Kumunsi kwake kunali chidindo chopanda inki, chija amachita chofinya ndi chitsulo, pepala n'kutumphuka. Koma pachidindopo panali banga lofiirira, lalikulu ngati ndalama yachitsulo, ndipo pepala pamenepo linali litapyapyala, likunyezimira.

"Nanga apa panatani?" anafunsa.

Devota anaseka. "Imeneyo ndi foni yawo. Usiku uliwonse asanagone amaika chala chachikulu pamenepo, n'kumawauza malemu nkhani za tsikulo. Shuga wakwera, uje wakwatiwa, mbuzi yadya chitenje. Zaka makumi awiri, sanadumphepo tsiku."

Mzee anaseka nawo. Koma m'mutu mwawo munalowa china. Thukuta. Mafuta a m'manja. Zaka zisanu zokha, pepala limeneli libooka.

Anapempha kulibwereka sabata imodzi, kuti akakopere mawu. Anapita nalo pa kasitolo kena kumsika, komwe anawajambulira pa makina, pa pepala lochindikala lomwe anasankha okha. Kunyumba analinyika m'tiyi wopanda mkaka, naliumitsa pamthunzi, nalipinda mofanana ndi mapindidwe akale. Ngakhale banga lija linatuluka. Diso silikanasiyanitsa. Devota sanasiyanitse. Bi Kalunde analandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo, mwanangu," nabwezera m'chitini.

Lenilenilo linalowa pansi pa bedi ku Cheyo. Mzee ankadziuza kuti alipulumutsa.

Iwo anali munthu wa maso. Mwini pepala ankawerenga ndi chala. Makina amajambula chidindo, koma sachitumphutsa. Kaya anaiwaladi zimenezo, kaya anachita kudziiwalitsa, akudziwa ndi iwo ndi Mulungu wawo. Chomwe ndikudziwa ine n'chakuti kuyambira pamenepo analeka kudzera njira ya ku Isevya. Miyezi itatu inatha. Dandaulo silinabwere. Amayi a msinkhu umenewo satchula munthu wolemekezeka kuti wakuba.

Usiku wa Lachinayi lija, mpunga wa nyemba anangoulawa. Magetsi anazima cha m'ma naini. Bi Tausi anagona. Koma Mzee tulo osabwera. Anamva sitima yochokera ku Kigoma ikulira patali, pakati pa usiku patadutsa. Anadzuka mwakachetechete, nakoka bokosi, natenga chikalatacho ndi kope lake, napita nazo pabalaza. Anayatsa nyali.

Zikalata zawo sankazigwira ndi manja chabe. Ankayamba asamba, n'kugwira ndi kansalu koyera. Usiku umenewo anasolola pepalalo m'kathumba, naika chala chachikulu pachidindo. Kufuna kungomva chimene mayi aja ankamva.

Panali pofunda. Ngati munthu wangochotsapo dzanja.

Ndiye wina anagogoda pachitseko.

Katatu. Chete. Kenako kamodzi.

Mzee Shija sanafunike kutsegula kope kuti akumbuke. Tsamba lakhumi ndi chinayi. Sajeni wina wa ku Bukoba, wopanda mano, anawasonyeza pa tebulo mmene Kaputeni ankagogodera pa thako la mfuti poitana anyamata ake mumdima. Katatu, chete, kamodzi.

"Odi," mawu anatero panja. Mawu ofatsa, a munthu wosafulumira.

Anatsegula. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake anatsegula.

Panaima mnyamata wamtali, wa zaka ngati makumi atatu. Yunifomu yobiriwira, yonyowa mpaka m'chiuno. Chipewa chinatsika, ndipo kuwala kwa nyali kunkathera pachibwano. Fungo ndi limene linalowa poyamba. Fungo la dambo, la matope ndi udzu wowola m'madzi. Mu Okutobala, ku Tabora.

Mzee Shija, wa imvi mutu wonse, anangodzimva akupereka moni umene mwana amapereka kwa wamkulu.

"Shikamoo."

"Marahaba," mnyamatayo anayankha, ngati ndi zoyenera.

Analowa akukoka mwendo wamanzere. Mpando sanaufune. Madzi ankadontha pa simenti, tho, tho.

"Ndamva mumalemba za ine. Tandiwerengereni."

Mzee anawerenga. Kubadwa ku Sikonge. Sukulu ya amishoni. Kulowa usilikali. Ukwati ndi Kalunde. Dambo lija, usiku uja, anyamata makumi atatu, onse anawoloka.

"Anali makumi atatu ndi mmodzi."

Mzee anakweza mutu.

"Mmodzi ndinamusiya pa kachulu pakati pa madzi. Dzina lake Kulwa. Miyendo yonse inali itathyoka. Ndinamuuza kuti ndibwera kudzamutenga kukacha. Kutacha ndinapeza madzi okha. Lembani."

Analemba.

"Mwalemba bwino, Mzee. Palibe anandifufuzapo ngati inu. Ndiye ndikufunseni, poti mumadziwa zonse. Mbuzi yaswa?"

"Mbuzi?"

"Ya Kalunde, yamawangamawanga. Inali ndi bere. Denga la kukhitchini anakonza? Mwana wa Devota anakhoza mayeso?"

Mzee Shija anasanthula masamba a kope, koma zimenezo munalibe.

"Miyezi itatu sindinamve kanthu za kunyumba kwanga. Ndimadikira, ndimatchera khutu, kuli zii. Tsopano iye akunyamuka, ndipo sakudziwa kolowera. Khomo lake mwalitsekera m'bokosi."

"Afande," anatero Mzee, monga asilikali aitanira mkulu wawo, "ine ndimafuna kulisunga. Likanabooka."

"Likanabookadi. Mwini wake ndiye akanaliboola."

Nyali inaphethira.

"Tengani. Tiyeni."

Anatuluka momwemo, atavala nsalu yogonera ndi malaya amkati, opanda nsapato. Chikalata anachibweza m'kathumba kake, nachikumbatira pachifuwa. Mlendo anali patsogolo, mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi. Phazi limodzi linkaponda, linalo linkakhwekhwereza. Pafumbi pankatsala madontho akuda.

Agalu a ku Cheyo mumawadziwa inu, sasiya ngakhale mphaka kudutsa. Usiku umenewo palibe anauwa. Anawoloka njanji. Pa sitolo ya zitsulo mlonda anali kuwotha moto wa makatoni.

"Mzee Shija? Usiku uno, nokhanokha? Kwagwanji?"

Mzee anangokweza dzanja, napitirira. Nokhanokha. Mawu amenewo anawatsata mpaka ku Isevya.

Nyumba ya Bi Kalunde ndi ya malata, ili ndi mtengo wa mango pabwalo ndi kakhola ka mbuzi kumbali. Pawindo la chipinda chawo pankaoneka kuwala kwa kandulo. Mlendo anaima pansi pa mtengo.

"Ine ndimathera pano. Gogodani."

Mzee anakwera pakhonde. Anakweza dzanja.

Ndiye anamva kaphokoso kochokera pawindo. Khwe. Khwe. Khwe. Chala chikuyenda papepala. Chimapita uku, n'kubwerera, n'kupitanso. Pamodzi ndi kaphokosoko panali mawu, aang'ono ngati a mwana.

"Afande, mbuzi ija yaswa awiri. Mukundimva? Afande. Awiri, katonde ndi kathadzi. Muli kuti kodi?"

Mzee anacheuka, nanong'oneza cha kumtengo. "Akuti mbuzi yaswa awiri."

"Iye sindikumumva. Ndikumva inu. Gogodani."

Dzanja linali m'mwamba. Chitseko chinali pomwepo, chobiriwira, utoto ukusupuka. M'chipinda china mwamuna wa Devota anatsokomola, bedi n'kulira.

Apa ndi pamene ndimafuna ndikanakuuzani zina. Koma ndikuuzani zimene zinachitika.

Mzee Shija anayamba kuganiza. Akagogoda, atsegula ndi mwamuna wa Devota, munthu wa pakamwa ngati wailesi. Afunsa kuti mukufunanji usiku uno. Aona pepala. Afunsa kuti nanga lili m'manja mwa amayilo ndi liti. Pofika masana Tabora yense adziwa. Kusukulu kuja sadzawaitananso. Mabanja onse aja adzayamba kuyang'anitsitsa mapepala awo pa dzuwa. Zaka khumi ndi ziwiri za sitima ndi mabasi, makope onse aja, zidzangokhala nkhani ya wakuba amene anabera wakhungu.

Koma kukacha, akhoza kubwera ngati wodzazonda matenda. Akhala pambali pa bedi. Apempha kuliona pepala. Asinthanitsa pansi pa nsalu. Palibe adzadziwe. Mayi apeza chidindo chawo, iwo asunga dzina lawo. Maola awiri okha.

Anatsitsa dzanja. Anakhala pansi, msana kutsamira khoma.

"Gogodani," mawu anatero kumtengo.

"Kukangocha, Afande. Maola awiri okha."



"Inenso ndinatero."

Sanalankhulenso.

Khwe. Khwe. Khwe. Mzee anakhala akumvetsera. Udzudzu unkawaluma m'mapazi, osauthamangitsa. Mawu aja m'kati anapitirira pang'ono, za denga, za mtengo wa shuga. Kenako mawu anatha, kunatsala chala chokha. Tambala analira. Wina anayankha kutali. Chala chinayamba kuchedwa. Khwe. Mpata. Khwe. Ku mzikiti wa m'tauni anayamba kuitana anthu ku pemphero la m'bandakucha.

Mzee anadikira khwe wotsatira.

Sanabwere.

Anayang'ana kumtengo. Panalibe munthu. Panali ponyowa pokha, pozungulira, pakati pa fumbi louma.

Loko analira. Devota anatsegula chitseko, maso ofiira, chitenje chili m'khosi, akupita kukadzutsa anansi. Anatsala pang'ono kuwaponda.

"Mzee? Mwamva kwa yani? Sitinauze munthu."

Anawayang'ana mapazi, nsalu yogonera, kathumba pachifuwa. Anawalowetsa.

Bi Kalunde anagona chagada, nkhope itayang'ana kuwindo. Pepala linali m'manja mwawo. Kumunsi kwake, pa chithunzi cha chidindo, linali litabooka, ndipo chala chachikulu chinatulukira kuseri.

Mzee Shija anagwada. Anasolola chikalata chenicheni, nachiika pabedi. Devota anayang'ana ili, nayang'ana ilo. Anayendetsa chala pa limodzi, kenako pa linalo. Anamvetsa yekha, osauzidwa.

"Miyezi itatu akhala akundiuza kuti pepala lazizira," anatero. "Ine ndimati ndi ukalamba."

Anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Mwakhala panjapo nthawi yaitali bwanji?"

Akanatha kunama. Sananame.

"Tambala woyamba asanalire."

"Ine ndinali maso usiku wonse, pamkeka apa. Mukanangotsokomola, Mzee."

Ku Cheyo, Bi Tausi anadzuka n'kupeza chitseko chili pululu, nyali ikuyakabe. Pabalaza panali matope akuda, onyowa, okhala ndi timaudzu ta m'madzi. Anawakolopa katatu, fungo osachoka. Patebulo panali kope lotsegula, ndipo pansi pa tsamba panali mzere watsopano, wolembedwa ndi amuna awo, zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sukulu. Makumi atatu ndi mmodzi. Kulwa.

Bi Kalunde anawaika Loweruka. Chikalata chenicheni Devota anachiika m'bokosi la maliro, pansi pa dzanja lamanja, chala pachidindo. Chobooka chija anapatsa Mzee Shija pamaso pa anthu, osanena kanthu. Mwamuna wake ndiye ananena, ndipo pofika madzulo Tabora yense anadziwa, monga momwe Mzee ankaopera. Zikalata zotsalazo Mzee anazibweza okha, chimodzichimodzi, kwa eni ake amene anapezeka. Pansi pa bedi panatsala makope, ndi pepala limodzi lobooka.

Anthu amanena zosiyanasiyana. Ena amati mkuluyo anayenda ali m'tulo, mtima ukumuvutitsa, ndipo matope anawaponda mu ngalande ya kusiteshoni. Koma ngalande imeneyo mu Okutobala imakhala youma gwa. Mlonda wa pa sitolo ya zitsulo amalumbira kuti anaona munthu mmodzi, koma anamva mapazi a anthu awiri, wina akukoka mwendo. Amayi a kutchalitchi amanong'onezana kuti pepala linafika mochedwa, kuti munthu akanyamuka asanagwire khomo amasochera, ndipo kumuika nalo sikuthandiza.

Ine zimenezo sindikudziwa. Ndikudziwa zimene timaona.

Masana alionse, dzuwa likapendeka, Mzee Shija amakwera njinga kupita ku Isevya. Devota sawalola kukwera pakhonde. Amaima kumpanda, chipewa m'manja, iye n'kumawauza nkhani za pakhomo ali chiimire, akusenda chinangwa kapena akuchapa. Amawauza mwachidule, osawayang'ana. Iwo salemba. Amangogwedeza mutu, n'kubwerera.

Usiku, sitima ya ku Kigoma ikadutsa, oyandikana nawo nyumba amamva chitseko chikutseguka. Kenako mawu a Mzee pakhonde, otsika, ngati a munthu wopereka lipoti.

"Afande, timbuzi tija tayamba kudya udzu. Denga akonza. Mwana wa Devota wakhoza, apita ku sekondale. Shuga wakweranso."

Ndiye amafunsa funso limodzi, lomwelomwelo usiku uliwonse.

"Bi Kalunde afika?"

Bi Tausi amati yankho sanalimvepo. Amangomva amuna awo akulowa, akutseka chitseko pang'onopang'ono, n'kugona chafufumimba.

Chaka chino ndi chachitatu. Dzulo lomweli ndawaona akupopa tayala la njinga.